Uthenga wa outreach wakwiririka ndi ma Noted pa gulupu ya ntchito, admin nditani?

Senior wa Kumapiri
Anzanga azaumoyo ndithandizeni nzeru msanga ndisanachite za mtima wapachala. Ndine admin wa gulupu ya WhatsApp ya pa facility pathu kuno ku Mangochi. Mulimo ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi) tonse, a in-charge, manesi, a AEHO (oyang'anira za ukhondo ndi ma HSA) ndi mnyamata wa data. Lolemba madzulo a in-charge analemba kuti outreach (sikelo ndi katemera wa kumudzi) ya Lachinayi yabwera Lachitatu chifukwa njinga yamoto ikufunika kwina. Uthenga womveka, mizere iwiri basi. Pansi pake ndiye aliyense wake: Noted, Noted bwana, Well received, Noted with thanks. A Noted asanathe wina waponya uthenga wa maliro a kwawo kwa alamu ake, onse pepani pepani, RIP, zithunzi za makandulo. Kenako kavidiyo ka abusa, kenako mkangano wa Bullets ndi Noma, kenako wina akutsatsa usipa wouma pa chigoba.

HSA wa dera lomwe timapitalo amakhala kovuta netiweki, amachita kukwera pachulu kuseri kwa sukulu kuti mauthenga alowe. Akuti atatsegula data anapeza mulu, anayang'ana kumapeto n'kuona za mpira, basi n'kutseka. Ma volunteer sanauzidwe, kwa amfumu sikunalengezedwe. Lachitatu timu yafika ndi vaccine carrier, sikelo, ma register, kulibe mayi ndi mmodzi yemwe. Ma ice pack kusungunuka anthu akudikira. Lachinayi amayi adzaza ndi ana kumbuyo, ife kulibe. Tsopano ma defaulter, ana odumpha katemera wa Penta ndi MR (wa chikuku), ndikawafotokoza bwanji pa review?

Malamulo ndinalemba kale pa description, palibe amawerenga. Kuchenjeza ndachenjeza mpaka ndatopa. Nditseke ikhale Only admins? Nditsegule ina? Ndiyambe kuchotsa anthu? Ndikufuna amene munakumana nazo, osati zongoganizira.

Che Njinga
A Senior, vuto lanu si gulupu. Tsiku la sikelo likasintha mumaimba foni. Mwini dera mumuimbire, ayankhe ndi pakamwa pake kuti ndamva. Ife tinayamba ntchito kulibe zimenezi, uthenga unkapita pa kapepala ndi wakabaza ndipo unkafika. WhatsApp ndi yochezera.

Mayi Nesi wa Kunyanja
Ife tinatsegula ziwiri, ina ya ntchito ina ya macheza ndi maliro. Poyamba zinkaoneka ngati zatheka. Koma anthu amasokoneza, lipoti la stock out ya LA kuliponya ku macheza, zithunzi za chinkhoswe ku ntchito. Ndiye pali ena oti poopa kulakwitsa amangoponya konse kuwiri, mauthenga m'malo mochepa n'kuwirikiza. Ya macheza ija inafa yokha chifukwa munalibe mabwana. Munthu akagwa m'maliro amafuna a in-charge aone ndi maso awo, kuti mawa popempha masiku asayambenso kufotokoza. Mapeto ake zonse zinabwerera ku ya ntchito, ya macheza inangotsala ndi munthu mmodzi woponya Good morning ya maluwa.

Wa Data
A Senior musanatseke yesani kaye zomwe zilimo kale. Uthenga wofunika muzipanga pin, umakhala pamwamba penipeni munthu akangotsegula gulupu. Imakufunsani 24 hours, 7 days kapena 30 days, ndipo amakwana atatu okha. Pa nkhani ya tsiku limodzi musasankhe 30 days, chifukwa mwezi wamawa wina adzauona pamwambapo n'kuyesa ngwatsopano, mudzalirenso. Za Noted, auzeni azidinikiza uthengawo n'kuika kachala. Reaction siwonjezera mzere pa gulupu. Komanso mwini uthenga akadina Info amaona amene wawerenga ndi amene foni yake sinalandire n'komwe, ndipo pa gulupu zimaoneka ngakhale munthu atazimitsa ma blue tick ake. Chomwe chingakupingeni n'chakuti ambiri ali pa GB WhatsApp kapena pa version yakalekale yosapanga update chifukwa choumira bandulo. Oterowo zinthu zatsopanozi zina sizioneka bwino kwa iwo. Fufuzani mafoni a anthu anu pa meeting ikubwerayi.

HSA wa Kumalire
Only admins musayerekeze akulu. Ndikuuzeni za nthawi ya kolera. Mukukumbuka inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pofika pa 5 Disembala a Chakwera n'kulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tinaiona ndi maso. Gulupu yathu nthawi imeneyo inali yotseka chifukwa cha phokoso lomweli. Usiku wina pa doko la asodzi anthu anayamba kutsegula ndi kusanza, mnzathu wa dera limenelo akufuna kuitanitsa chlorine ndi ORS, foni ikumuuza kuti Only admins can send messages. Admin mmodzi foni yathima, sola sinagwire tsiku limenelo kunali mitambo. Winayo ali ku training. Mnzathuyo anachita kulembera munthu mmodzimmodzi mpaka anapeza amene anali maso. Gulupu ikanakhala yotsegula aliyense wosagona akanaona nthawi yomweyo.

Kuno mbali ya Makanjira netiweki imabwera n'kupita, nthawi zina foni imakagwira ya ku Mozambique. Mpata wotumiza umakhala wa mphindi zochepa, sungauwononge kusaka admin. Ntchito yathuyi ndi surveillance, nkhani zambiri zimachokera kumudzi kupita ku facility. Mukatseka mwatseka ifeyo pakamwa, mabwana okha ndiwo atsala akulankhula.

Che Njinga
Mwaona? Mnzanuyo akanaimba foni. Kolera mpaka kumalemba meseji?

HSA wa Kumalire
Madala anaimba, mafoni awiri onse osapezeka. Ndanena kale. Komanso mayunitsi ake a ndani?

Senior wa Kumapiri
Funso langanso ndi lomwelo Che Njinga. Mayunitsi palibe amatipatsa. Bandulo ya WhatsApp munthu amagula yekha chifukwa amachezeranso abale ake ku Joni, ntchito imangokwera nawo. Ndiyambe kuimbira ma HSA onse nthawi iliyonse pulogalamu ikasintha, malipiro anga athera Airtel ndi TNM. Ndipo pulogalamu kuno imasintha sabata iliyonse.

Che Njinga
Ndani wati onse? Mmodzi. Mwini dera. Mayunitsi a mphindi imodzi ndi mafuta omwe mwawotcha Lachitatu kupita kukaona mitengo, chodula n'chiti? Muwerengenso nsapato za amayi aja. Mwezi wamawa mukawaitana theka silibwera, adzati azaumoyo ndi abodza.

Achemwali a Village Clinic
Ine ndiikire kumbuyo Noted, chifukwa mukumunena ngati timalemba pofuna kutchuka. Supervisor wina analemba za deadline ya Form 1A, lipoti la pamwezi la village clinic. Ndinawerenga, sindinayankhe, lipoti ndinapereka nthawi yake isanakwane. Pa meeting dzina langa linatchulidwa pagulu kuti ndine mmodzi wa onyozera mauthenga a ofesi. Amene analemba Noted with thanks koma lipoti osabweretsa sanatchulidwe. Kuchokera pamenepo Noted woyamba amakhala wanga, ndipo sindisiya chifukwa choti admin walemba pa description.

Kwathu kuno wamkulu akalankhula sungokhala duu. Ndipo kachala komwe a Data mukunenako, alipo mabwana amakaona ngati chipongwe, ati mwana uyu akundiyankha ndi chala. Mukafuna zitheke, a in-charge anene okha ndi pakamwa pa staff meeting kuti ine Noted sindikumufuna, kachala kakwanira, ndipo wosalemba Noted sadzafunsidwa. Akanena Senior zimangokhala ngati mnzathu wayamba kudzimva.

Wa Data
Ngati kachala kakuvuta pali poll. Mulembe kuti Outreach yabwera Lachitatu, mwaona? Mayankho awiri, Ndaona ndi Ndili ndi vuto. Aliyense amangodina, mizere siichuluka, ndipo View votes imaonetsa maina. Amene sanavote pofika m'mawa ndi amene mukumuimbira. Pamenepo ngakhale Che Njinga asangalala.

Musaone ngati matendawa ndi athu okha. Ndinagwirako ku bungwe lina la za HIV, kumeneko zonse ndi imelo. Coordinator akatumiza kwa anthu onse, aliyense Reply all, Received with thanks, attachment yomweyo kubwerera nayo. Tsiku lina wina anayankha Reply all akudandaula za alawansi yake, account number ya ku banki ili pomwepo, ma CC onse mpaka a ku Lilongwe anawerenga. Anazithetsa poika anthu pa BCC kuti Reply all izibwerera kwa wotumiza yekha. Pa WhatsApp chofananako ndi broadcast list, koma imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mu foni mwawo. Wina akangosintha foni kapena kutaya ma contact, mwamutaya osadziwa.

Mayi Nesi wa Kunyanja
Info ija musaidalire kwambiri. Munthu akangotsegula gulupu n'kutsetsereka mpaka pansi, imalemba kuti wawerenga. HSA wa a Senior uja pa Info akanaoneka kuti wawerenga, chonsecho anaona za Bullets zokha. Ine ndinaonapo anthu akukangana mu ofesi, wina akuonetsa screenshot ya Read by, mnzake akulumbira kuti sanaone, ndipo onse awiri ankanena zoona.

Che Njinga
Zikomo mayi. Info yanama, Noted wanama, pin ena saiona. Munthu woyankha foni sanama kuti wamva.

Achemwali a Village Clinic
Amanama madala. Eya eya ndamva, ali pa msika wa Lachiwiri phokoso lili thoo, mawa lake akuti munati Lachinayi. Pamenepo umboni ulibe. Cholembedwa chimatsala.

Bambo a Environment
Ndachedwa kulowa koma ndinenepo za maliro, chifukwa apa ndi pomwe mungapse a Senior. Admin masiku ano atha kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse, koma pamatsala chizindikiro choti wafufuta ndi admin, dzina lake lili pomwepo. Mnzathu wina kumene ndinkagwira kale anafufuta uthenga wa maliro a mayi ake a hospital attendant, ati si za ntchito. Mwalamulo la gulupu sanalakwe. Koma anthu anamusunga mumtima. Atamwalira achimwene ake, list ya chipepeso inangoyenda maina ochepa n'kuima, kumaliro kunapita a in-charge ndi dalaivala. Mpaka anachoka pa transfer anthu akumutchulabe uja wofufuta maliro.

Chomwe chimadzaza gulupu si uthenga wa maliro weniweniwo ayi. Ndi ma pepani, komanso list ija yoti aliyense amakopera yonse, n'kuwonjezera dzina lake ndi K2,000 pansi, n'kuponyanso. Anthu awiri akaponya nthawi imodzi dzina la wina limasowa, mkangano n'kuyambika, ine ndinapereka bwanji sindikuoneka. Ife tinagwirizana kuti maliro alengeze ndi wa welfare kamodzi, pepani azipita ku inbox ya woferedwa, ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya treasurer, ndipo list aziponya treasurer yekha madzulo. Zinachepako, sindikuti zinatha.

Za mapemphero ndiye samalani kawiri. Kuno ndi ku Mangochi. Lachisanu Jumma Mubarak, Loweruka a Seventh Day ndi Happy Sabbath, Lamulungu mavesi. Mukadzudzula wa Lachisanu mutalekerera wa Lamulungu, kapena mosemphanitsa, nkhani siikhalanso ya mauthenga. Idzafika kwa a shehe kapena kwa abusa, ndipo ndi anthu omwewo timawadalira polengeza katemera. Mukaletsa letsani zonse tsiku limodzi, pa meeting, minutes zilembedwe, ndipo tsikulo lisakhale Lachisanu kapena Lolemba.

Senior wa Kumapiri
Bambo a Environment mwanena zoona, wa usipa uja ndi wa mavesi ndi munthu mmodzi ndipo ndi wamkulu kwa ine pa zaka. Kumuchotsa sindingathe. Koma ndiye nditani? Aliyense akundiuza choti ndisachite.

HSA wa Kumalire
Chimodzi choti muchite lero: auzeni a kumidzi azimitse auto-download. Settings, Storage and data, pa mobile data achotse photos, audio, videos, documents zonse. Ine ndisanatero bandulo inkathera mavidiyo a anthu ovina pa ukwati, uthenga wa ntchito usanalowe n'komwe, foni n'kudzaza mpaka kukana kujambula tally sheet. Koma dziwani kuti akazimitsa, memo yojambulidwa pa chithunzi saitsegula pokhapokha aone chifukwa. Ndiye mabwana asiye kuponya chithunzi cha memo chopanda mawu. Alembe pansi pake mwachidule: chani, liti, kuti, ndani.

Mute nayonso ndi yoopsa. Ambiri tinapanga mute ya Always chifukwa cha phokoso. Mukafuna munthu amve mumutchule ndi @ dzina lake, imalira ngakhale ali pa mute. A in-charge akanalemba @ mwini dera pa uthenga uja mwina sitikanakhala pano.

Achemwali a Village Clinic
Ndiye ma voice note! Pali a coordinator ena amajambula mphindi zisanu ali pa njinga yamoto, mphepo ili fuu, moni yekha mphindi yathunthu, tsiku la meeting lili pakati penapake. Uli pa kiliniki mzere wa amayi, mwana akulira pomuyeza malungo, ungamvetsere zimenezo? Ndipo mawa ukafuna kukumbuka tsiku sungapange search, uyambirenso kumvera. Ndimaika pa 2x koma manambala amandidutsa.

Che Njinga
Voice note ndi foni yopanda woyankha. Ngati munthu ali ndi mphamvu yolankhula mphindi zisanu, aimbe.

Mayi Nesi wa Kunyanja
Che Njinga tamva kale inu.

Ine chomwe chimandiopsa kuposa Noted ndi zithunzi za odwala. Wina wapeza mwana wa zilonda zachilendo kapena wotupa mapazi, ajambula nkhope yonse, health passport ili potsegula dzina ndi mudzi zikuoneka, n'kuponya pa gulupu ati tithandizane. Cholinga n'chabwino. Koma gulupu ili ndi anthu omwe anachoka kalekale pa transfer, ena anapuma ntchito, nambala zina mwini wake anasintha sitikudziwa ali nazo ndani. Foni zambiri madzulo zimakhala m'manja mwa ana ndi amuna athu. Kwathu chithunzi cha mtsikana wa sikelo ya apakati chinatuluka n'kufika kwa azakhali ake iye asanawauze. Mpaka lero banja limenelo limapita ku facility ina kutali. Pali lamulo la Data Protection Act ya 2024, palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo screenshot ikatuluka dzina lomwe limaoneka ndi la woponya, wofunsidwa wachiwiri ndi admin. A Senior musanalimbane ndi usipa yambani mwaona mndandanda wa mamembala, muchotse nambala zomwe simukuzidziwa.

Wa Data
Kuwonjezera apo, musayatse disappearing messages pa gulupu ya ntchito poganiza kuti muchepetsa mulu. Kwina anaika 7 days, pofika mapeto a mwezi ma figure onse omwe ma HSA anatumiza anali atapita, ine ndikufuna kulowetsa mu DHIS2 (sisitimu ya malipoti a zaumoyo) ndilibe pogwira. Tinayambiranso kuimbira anthu kuti atsegule ma register.

Njira ina ndi Community. Mumaika magulupu anu pansi pa denga limodzi, pamwamba pamakhala Announcements pomwe amalemba ma admin okha, gulupu wamba n'kukhalabe yotsegula kuti a Kumalire azitha kukuwa usiku. Vuto lake ndi lomwe anena mayi Nesi poyamba paja, mabwana amaiwala n'kuponyabe ku gulupu wamba.

Bambo a Environment
Ndipo magulupu achuluka kale. Polio ya 2022 round iliyonse gulupu yake. Kolera gulupu. Kampeni yogawa mankhwala a likodzo gulupu. Ma net gulupu. Namondwe Freddy atadutsa mu 2023 gulupu inanso. Kampeni ikatha palibe amatseka, anthu amakhalamobe kudikira nkhani ya alawansi, ndipo wotuluka amaoneka ngati wanyanyala. Memo imodzi ndimailandira malo asanu. Mukatsegula ina a Senior mutseke ziwiri.

Che Njinga
Nthawi ya cStock, njira ija yoitanitsira mankhwala, tinkatumiza SMS pa kafoni ka mabatani, batire sabata yathunthu, stock on hand yapita, yankho labwera, palibe Good morning. Lero foni yaikulu koma amayi akudikira pansi pa mtengo. Imbani foni a Senior.

HSA wa Kumalire
Mwatchula alawansi Bambo a Environment, ya kampeni yapitayi kwanuko inalowa? Kuno ena alandira ena ayi, akuti maina anasemphana ndi a pa ID.

Achemwali a Village Clinic
Kuno sinalowe. Akuti titumizenso ma ID pa gulupu. Mayi Nesi mwamva zimenezo? Ma ID pa gulupu.

Mayi Nesi wa Kunyanja
Musatumize pa gulupu achemwali, tumizani ku inbox ya amene akulemba maina, kapena mupite nayo nokha pokapereka lipoti.

HSA wa Kumalire
Kupita nayo ndekha kuchokera kuno transport yake iposa alawansiyo. Msewu mukuudziwa. Paja alipo akupita ku boma Lachisanu woti ndingamupatsire photocopy? Komanso firiji yathu ya sola ikuwerenga 9 masana, m'mawa 6, ma VVM (tizizindikiro ta kutentha ta pa mabotolo a katemera) akadali bwino. Ndi fumbi pa panel kapena ndiyambe kusamutsa katemera?